Za Libya 2011: kodi Africa inapusitsidwa kapena inasaina yokha?

Mnyamata wa ku Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni. Pa Facebook pakuzunguliranso uthenga uja woti nthawi ya Gaddafi magetsi anali aulere, ongokwatirana kumene ankapatsidwa nyumba, ndiye azungu anamupha chifukwa ankafuna kuyambitsa ndalama yagolide ya Africa yonse. Pamene NATO, mgwirizano wa asilikali wa Amereka ndi mayiko a ku Ulaya, inkaponya mabomba ku Libya ine ndinali ku pulayimale, sindinkatsata za pa wailesi. Funso langa ndi ili: atsogoleri a mu Africa anali kuti? Anangokhala n'kumaonerera?

Aphunzitsi Opuma: Sanangoonerera mwana wanga, ena anakweza mkono kuvomereza. Pa 17 March 2011 khonsolo ya chitetezo ya United Nations inavotera chigamulo nambala 1973, chimene chinatsegula khomo la mabombawo. Mayiko 10 anavomera, palibe linakana, asanu anangokhala osavota: Russia, China, Germany, Brazil ndi India. M'khonsolomo chaka chimenecho munali mayiko atatu a mu Africa: South Africa, Nigeria ndi Gabon. Onse atatu anavomera. Kuti chigamulo chidutse pamafunika mavoti 9. Awiri okha mwa atatuwo akanapinda manja, mavoti akanakhala 8. Masamu otsalawo chita wekha.

Mnyamata wa ku Ndirande: Eee! Zimenezi pa uthenga uja palibe.

Anaphiri ku Joni: Sangalembe zimenezo achimwene, zimawononga kukoma kwa nkhani. Kuno a Zuma anavutika nazo. Achinyamata a ANC, Malema akuwatsogolera nthawi imeneyo, anawanena kuti agulitsa mnzawo. Ndiye pofika June chaka chomwecho a Zuma omwewo anaima m'nyumba ya malamulo ku Cape Town kudandaula kuti NATO ikugwiritsa ntchito chigamulocho pofuna kugwetsa boma. A Mbeki nawo analemba zambiri zodzudzula. Anthu ankangofunsa kuti nanga posaina simunawerenge?

Wophunzira Malamulo: Achemwali, kuwerenga anawerenga, vuto ndi zimene zinalembedwazo. Chigamulocho chinalamula kuti nkhondo iime, chinaletsa ndege kuuluka mumlengalenga wa Libya, ndiponso chinalola mayiko kuchita chilichonse chofunika poteteza anthu wamba ndi malo okhala anthu wamba amene ali pachiopsezo. Chinakaniza poyera kutumiza asilikali achilendo okalanda dziko. Za kuchotsa Gaddafi pampando mulibe ngakhale mzere umodzi. Koma mawu akuti "chilichonse chofunika" alibe mpanda. Wogwira ndege ndi amene amaweruza kuti chofunika n'chiti. Akanena kuti munthu woopseza anthu wamba ndi mtsogoleri weniweniyo, ndiye kuti nyumba yake ya Bab al-Aziziya ku Tripoli yalowanso m'gulu la zophulitsidwa, ndipo palibe khoti loti ukamusumire mawa lake.

Che Mdala wa ku Mangochi: Mukuzungulira kwambiri ana inu. Nkhani ndi mafuta basi. Libya ndi dziko limene lili ndi mafuta ochuluka pansi kuposa lina lililonse mu Africa muno. Ku Bahrain mwezi womwewo wa March anthu ankamenyedwa pa zionetsero, Saudi Arabia inatumizako asilikali kukathandiza mfumu, ndani anaponyako bomba? Ine Gaddafi ndinamuona ndi maso angawa atabwera kuno nthawi ya a Muluzi mu 2002, mdipiti wa magalimoto wosatha. Munthu uja ankaikonda Africa. Ndi iye anaitanitsa msonkhano wa ku Sirte mu 1999 umene unabala African Union (AU). Mandela amene mumamutamayo anapita ku Tripoli mu 1997 Amereka akuletsa, ndipo anamupatsa mendulo yaulemu, chifukwa Libya inathandiza ANC nthawi imene azungu ankaitcha gulu la zigawenga.

Amalume a ku Chipata: Che Mdala, ulemu wanu, koma mwatchula theka. Kafunseni a ku Tanzania. Mu 1979 Nyerere akuthamangitsa Idi Amin, asilikali amene Gaddafi anatumiza ku Uganda anali mbali ya Amin. Charles Taylor wa ku Liberia ndi Foday Sankoh wa ku Sierra Leone, uja anyamata ake ankadula anthu manja, anaphunzira za nkhondo ku Libya. Ku Chad anamenyako nkhondo zaka zambiri kulimbirana dera la Aouzou. Kwawo komweko, mu 1996, akaidi pafupifupi 1,200 anaphedwa m'ndende ya Abu Salim, mabanja n'kumapitabe ndi chakudya ndi zovala kwa anthu oti anafa kalekale. Zionetsero za ku Benghazi zinayamba pa 15 February 2011 atamanga loya amene ankaimira mabanja omwewo. Si azungu anabzala mkwiyo umenewo.

Che Mdala wa ku Mangochi: Nanga ndani mwa atsogoleri akuluakuluwo ali ndi manja oyera? Iraq anaiwononga ndani?

Amalume a ku Chipata: Palibe woyera. Koma mwana wafunsa zoona zake, tisamupatse chithunzi chopachika pakhoma.

Aphunzitsi Opuma: Ndiwonjezeko za kwathu, poti Che Mdala atchula ulendo wa 2002. Chipatala chimene Libya inalonjeza ku Kameza mu Blantyre, a ku Ndirande mukudziwa kuti lonjezolo linathera panjira. Mu January 2010 ku Addis Ababa, Gaddafi ankafuna kupitiriza kukhala wapampando wa AU chaka chachiwiri, mayiko a kum'mwera kuno anakana, mpandowo anatenga a Bingu. Ndipo mu April 2011, mabomba akugwa, boma la Malawi linathetsa ubale wake ndi Libya. Mwezi womwewo linathamangitsanso kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet. Choncho sitinganene kuti a Bingu ankavinira ng'oma ya London. Gaddafi anali atatopetsa anzake ambiri m'kontinenti muno ndi loto lake la boma limodzi la Africa iye ali pamwamba, kungoti ndalama zake zinkawatseka pakamwa. Libya inali limodzi mwa mayiko asanu amene ankasenza gawo lalikulu la bajeti ya AU.

Mtolankhani Wakale: Ndilankhuleko za mbali yanga, chifukwa nkhondo iyi inamenyedwa pa kanema isanamenyedwe mumlengalenga.

Yambani ndi pakamwa pa Gaddafi mwiniwake. Pa 22 February analankhula nthawi yaitali ataima pa nyumba yake ija Amereka anaiphulitsa mu 1986, n'kumatcha ochita zionetsero makoswe ndi anyamata oledzera mankhwala, kulonjeza kuwasaka nyumba ndi nyumba, kanjira ndi kanjira. Pa 17 March, tsiku lomwelo la voti, analankhulanso pa wailesi kuuza a ku Benghazi kuti akubwera usiku womwewo ndipo sipakhala chifundo. Mkonzi aliyense pa dziko lapansi anapatsidwa mutu wa nkhani waulere. Anthu anakumbukira Rwanda, anakumbukira Srebrenica. M'malankhulidwe omwewo ananenanso kuti wotaya mfuti akhululukidwa, koma chiganizo chimenecho n'chochepa mphamvu pa tsamba loyamba, ndipo ambiri anachisiya.

Kenako panabwera nkhani zimene zinathamanga kuposa umboni wake. Ina inali yoti asilikali a boma akupatsidwa Viagra kuti azigwiririra amayi. Susan Rice, kazembe wa Amereka ku UN, anainena mu April. Luis Moreno-Ocampo wa khoti la milandu ya padziko lonse la ICC anaibwereza mu June. Ofufuza a Amnesty International amene anakhala ku Libya miyezi anati sanapeze umboni wa zimenezo. Sindikunena kuti palibe mayi anagwiriridwa pa nkhondoyo, analipo, koma nkhani ya mapilisi ogawidwa ndi boma inafalikira dziko lonse popanda choigwirira, ndipo kutsutsa kwake kunalembedwa pa tsamba lamkati.

Ku manyuzipepala athu kuno tsamba la nkhani zakunja limadzazidwa madzulo, ntchito zina zitatha. Wa pa desiki amatsegula zimene mabungwe a nkhani a kunja atumiza, amadula ndime zomalizira kuti zikwane pa malo otsala pambali pa malonda, n'kuika mutu. Ndime zomalizirazo ndi momwe mumakhala mawu akuti "izi sizinatsimikizidwe". Palibe nyuzi ya kuno imene ikanatha kulipira munthu ndege ndi hotelo ku Tripoli. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo Africa yonse inamva za nkhondo ya mu Africa kudzera mwa akandimverere a ku London, Paris, Atlanta ndi Doha.

Nabanda ku Leeds: Pa Doha pomwepo bambo, tsindikani. Al Jazeera ndi ya boma la Qatar, ndipo Qatar inali mkati mwa nkhondoyo: inatumiza ndege, inapereka zida kwa oukira, ndipo nkhondo itatha mkulu wa asilikali ake anavomera kuti anali ndi asilikali mazanamazana pansi ku Libya. Ambiri kumudzi tinkaiona ngati kanema wa anthu osakondera chifukwa si wa azungu.

Mtolankhani Wakale: Zoona mayi. Komabe tisawanyoze onse. Wojambula wa Al Jazeera, Ali Hassan al-Jaber, anaphedwa pafupi ndi Benghazi mu March. Tim Hetherington ndi Chris Hondros anafera ku Misrata pa 20 April akujambula mzinda umene asilikali a Gaddafi anauzinga n'kumauthira mizinga. Za Misrata sizinali zopeka. Atolankhani a ku Tripoli nawo ankasungidwa mu hotelo ya Rixos, osatuluka popanda owaperekeza a boma, madzulo aliwonse kumvetsera Moussa Ibrahim akunena kuti zonse zili bwino. Mabodza ankachokera mbali zonse ziwiri, kungoti a mbali imodzi ankasekedwa pomwepo, a mbali inayo ankalowa m'malankhulidwe a mapulezidenti.

Anaphiri ku Joni: Bodza limene limandiwawa ine ndi la asilikali aganyu. Nkhani inafala yoti Gaddafi wabweretsa anthu akuda ochokera ku Chad, Niger ndi Mali kudzapha Alibiya. Ena analipodi, makamaka Atuareg amene anali m'gulu lake la nkhondo kuyambira kale. Koma ku Libya kunali anthu ambirimbiri a ku Ghana, Nigeria, Niger, Sudan ogwira ntchito zomanga, zosesa, za m'minda. Mawa lake aliyense wakhungu lakuda anasanduka mdani. Ankagwidwa pa malodibuloko, kumenyedwa, kutsekeredwa, ena kuphedwa. Tawuni ya Tawergha, ya Alibiya enieni koma akuda, inasamutsidwa yonse mu August 2011 ndi magulu a ku Misrata, amene ankati anthu ake anathandiza kuzinga mzinda wawo. Anthu oposa 30,000 anathawa, nyumba n'kutenthedwa. Ndege za NATO zinali mumlengalenga momwemo ndi chilolezo choteteza anthu wamba. Ife okhala kuno amene tinaona alendo akuchitidwa chiwawa mu 2008 ndi 2015, timadziwa mmene mphekesera yokhudza mlendo imayendera ikangoyamba. Sufunsidwa chiphaso, amangoyang'ana nkhope.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ndiye a Tawergha sanali anthu wamba?

Wophunzira Malamulo: Anali, ndipo chigamulo sichinanene kuti atetezedwe kwa Gaddafi yekha. Funso lako ndi limene NATO sinayankhe mokhutiritsa.

Aphunzitsi Opuma: Tibwerere ku AU pang'ono, chifukwa ndinayamba ndi kuidzudzula, koma ili ndi mbali yake. Pa 10 March, voti isanachitike, khonsolo ya mtendere ya AU inakana kulowerera kwa asilikali akunja ndipo inakonza njira ya zokambirana. Anasankhidwa mapulezidenti asanu: Zuma, Museveni, Sassou Nguesso wa ku Congo-Brazzaville, Amadou Toumani Touré wa ku Mali, ndi Mohamed Ould Abdel Aziz wa ku Mauritania. Komitiyo inakumana ku Nouakchott pa 19 March ndi cholinga choulukira ku Libya mawa lake. Pa 19 March pomwepo ndege za France zinayamba kuphulitsa akasinja kunja kwa Benghazi, usiku Amereka ndi Britain anaponya mizinga ya Tomahawk yoposa 100. Atsogoleri a mu Africa anauzidwa kuti mlengalenga watsekedwa. Anakafika ku Tripoli pa 10 April. Gaddafi anati wavomera ndondomeko yawo. Atapita ku Benghazi mawa lake, oukira anaikana chifukwa sinanene kuti Gaddafi achoke kaye.

Ndipo akanavomereranji? Patangopita masiku ochepa, Obama, Cameron ndi Sarkozy anasaina limodzi nkhani m'manyuzipepala yonena kuti sangaganize za tsogolo la Libya Gaddafi ali pampando. Munthu amene wauzidwa kuti ndege za mayiko amphamvu zikhala naye mpaka mdani wake atagwa sakhala pansi kukambirana.

Amalume a ku Chipata: Aphunzitsi, apa ndikutsutsaniko. Kuvomera kwa Gaddafi kunali kotani? Pa 18 March nduna yake ya zakunja, Moussa Koussa, inalengeza kuti nkhondo yaima, mawa lake akasinja anali pakhomo pa Benghazi. Pasanathe masabata awiri nduna yomweyo inathawira ku Britain. Inu mukanakhala a ku Benghazi mukanakhulupirira komiti imene ena mwa mamembala ake analowa okha pampando ndi mfuti, ndiponso ankadyera m'thumba la Gaddafi?

Aphunzitsi Opuma: Sindikanaikhulupirira. Koma njirayo sinapatsidwe mpata woti ilephere yokha, inatsekedwa isanayesedwe. Pali kusiyana.

Amalume a ku Chipata: Kusiyanako kumaoneka bwino ukakhala kutali ndi mizinga.

Nabanda ku Leeds: Ndikuuzeni mmene zinayendera kuno, chifukwa n'zimene zimandidabwitsa. Pa 21 March, mabomba atayamba kale kugwa, aphungu a ku Westminster anavota 557 kuvomereza, okana 13 okha. Chipani cholamula ndi chotsutsa pamodzi. Jeremy Corbyn anali mmodzi mwa 13 aja, ndipo ankaonedwa ngati amisala. Ili ndi dziko loti zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo linalowa ku Iraq ndi nkhani ya zida zimene sizinapezeke. Mu September 2011 Cameron ndi Sarkozy anapita ku Benghazi, khamu likuwaimbira m'manja, makanema onse akuonetsa.

Ndiye mu September 2016 komiti ya aphungu yoona za maubale ndi mayiko akunja, wapampando wake Crispin Blunt wa chipani cha Cameron chomwecho, inatulutsa lipoti. Inati boma linakokomeza chiopsezo kwa anthu wamba, silinafufuze mokwanira kuti pakati pa oukirawo pali magulu achisilamu oyaka moto, ntchito yoteteza anthu inasanduka yochotsa boma, ndipo panalibe dongosolo la zoti zichitike pambuyo pake. Inamutchula Cameron kuti ndiye mwini mlandu. Lipotilo linatuluka munthuyo atachoka kale pampando chifukwa cha Brexit, ndipo sabata yomweyo anali atatula pansi ngakhale uphungu. Nkhaniyo inakhala pa kanema masiku awiri. Mu 2023 Cameron anabwerera m'boma ngati nduna ya zakunja.

Che Mdala wa ku Mangochi: Mwaona? Akanakhala wa kuno bwenzi ali ku khoti la ICC ku Hague.

Wophunzira Malamulo: Ku Amereka kunali sewero lina. Lamulo lawo la 1973 limati pulezidenti akalowetsa asilikali pa nkhondo popanda chilolezo cha Congress, ali ndi masiku 60 oti apeze chilolezocho kapena asiye. Masikuwo atakwana, maloya a Obama anati zimene zikuchitika ku Libya si nkhondo m'tanthauzo la lamulolo, poti palibe asilikali a Amereka pansi ndipo palibe amene akuwaombera mowaopseza. Mu June nyumba ya aphungu inakana kupereka chilolezo, koma tsiku lomwelo inakananso kudula ndalama za ntchitoyo. Aliyense anasamba m'manja, ndege zikuulukabe. Mu 2016 Obama atafunsidwa pa Fox News za cholakwa chake chachikulu, anatchula kusakonzekera zimene zidzachitike ku Libya Gaddafi akadzagwa. Onani bwino: sananene kuti kuphulitsako kunali kolakwa.

Mnyamata wa ku Ndirande: Nanga mabombawo sanaphe anthu wamba? Pa kanema amati zida zawo sizimaphonya.

Mtolankhani Wakale: NATO inatenga utsogoleri pa 31 March n'kumaliza pa 31 October. Mwa kuwerenga kwawo, maulendo a ndege anaposa 26,000, ndipo pafupifupi 9,700 anali okaphulitsa. Human Rights Watch inayendera malo asanu ndi atatu n'kupeza anthu wamba 72 ophedwa, ambiri amayi ndi ana. Choopsa kwambiri chinali ku Majer pafupi ndi Zliten pa 8 August, kumene anafa 34, ena mwa iwo anthu amene anathamangira kukapulumutsa anzawo bomba loyamba litagwa. NATO inavomera poyera cholakwa chimodzi cha ku Souq al-Juma mu Tripoli mu June, inati chida chinasokonekera. Pa maulendo ochuluka chonchi nambalayo ndi yochepa poyerekeza ndi nkhondo zina, tinene zoona. Chondikwiyitsa n'choti mlembi wamkulu wawo, Anders Fogh Rasmussen, ankanena kuti alibe umboni wotsimikizika wa anthu wamba ophedwa, pomwe bungwe lake silinatumize munthu kukaona. Ndiponso pa 30 July anaphulitsa zipangizo zoulutsira mawu za kanema wa boma la Libya, ati poti ankalimbikitsa chiwawa. Mabungwe oteteza atolankhani anadzudzula, koma phokoso lake silinafanane ndi limene likanamveka akanachita zimenezo ndi wina.

Che Mdala wa ku Mangochi: Nenaninso za imfa yake. Pa 20 October akuthawa ku Sirte, ndege za NATO ndi zimene zinaphulitsa mdipiti wa magalimoto ake. Munthu wothawa ankaopseza munthu wamba uti? Anamugwira wamoyo atabisala mu chipaipi cha madzi pansi pa msewu, anamuzunza, anamupha, mtembo n'kukauika m'chipinda chozizira ku Misrata anthu kumaima pamzere kujambula. Chisilamu sichilola zimenezo ngakhale kwa mdani. Hillary Clinton, nduna ya zakunja ya Amereka nthawiyo, atauzidwa, kamera ikujambula, anaseka n'kunena kuti tinabwera, tinaona, wafa. Manyuzipepala a ku Ulaya anaika nkhope yamagaziyo patsamba loyamba.

Amalume a ku Chipata: Pa imfayo tili pamodzi Che Mdala. Anayenera kuima m'khoti, mabanja a Abu Salim ndi a anthu a m'ndege imene inaphulitsidwa ku Lockerbie mu 1988 amufunse mafunso. Pomupha anakwirira zambiri zimene ena sankafuna zimveke.

Nabanda ku Leeds: Makamaka amene ankamwa naye tiyi. Gaddafi atasiya pulogalamu ya zida zoopsa mu December 2003, Tony Blair anapita kukamugwira chanza mu tenti mu 2004. Mu 2007 tentiyo inakhomedwa pakati pa Paris, Sarkozy akumulandira. Tripoli itagwa, m'maofesi a akazitape ake munapezeka makalata osonyeza kuti Britain ndi Amereka ankamuthandiza kugwira adani ake kunja n'kumutumizira. Mmodzi wa iwo, Abdel Hakim Belhaj, boma la Theresa May linamupepesa poyera mu 2018.

Anaphiri ku Joni: A ku North Korea anaphunzirapo. Anangoti taonani zimene zimachitikira wopereka zida zake.

Wophunzira Malamulo: A Russia nawonso. Medvedev ndi amene anali pulezidenti pamene sanatseke chigamulocho, Putin ali nduna yaikulu anachiyerekeza ndi nkhondo za mtanda za makedzana, mpaka awiriwo anasemphana poyera. Mu October 2011 ndi February 2012, Russia ndi China anatseka zigamulo za Syria, ndipo nthawi zonse ankaloza ku Libya. Kaya chinali chifukwa chenicheni kapena pobisalira, anthu a ku Homs ndi Aleppo ndi amene analipira.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo kumbukirani dzina limodzi mwa mapulezidenti asanu aja: Touré wa ku Mali. Nkhokwe za zida za Gaddafi zitatsekuka, asilikali Achituareg anabwerera kwawo ndi magalimoto odzaza mfuti. January 2012 anayamba kuukira kumpoto kwa Mali. March 2012 asilikali a boma, okwiya ndi kugonja, anamuchotsa Touré pampando. Magulu achisilamu analanda Timbuktu ndi Gao, France inalowa mu January 2013, moto unafalikira ku Burkina Faso ndi Niger. Mavuto a Mali sanayambe mu 2011, Atuareg anaukirapo kale kangapo, koma zida za ku Libya ndi zimene zinasintha mlingo. Idriss Déby wa ku Chad anachenjeza za zimenezi mabomba akugwa, sanamumvere.

Mnyamata wa ku Ndirande: Nanga za magetsi aulere ndi ndalama yagolide zija?

Mtolankhani Wakale: Zosakaniza. Maphunziro ndi chipatala cha boma zinali zaulere, mafuta a galimoto ndi magetsi zinali zotchipa kwambiri chifukwa boma linkalipirako gawo lalikulu, ndipo pa mndandanda wa UN wa chitukuko cha anthu Libya inali pamwamba mu Africa. Ntchito yokoka madzi pansi pa chipululu kupita nawo ku mizinda ya m'mbali mwa nyanja ndi yeniyeni. Koma anthu anali pafupifupi 6 miliyoni okha pa chuma chonsecho, achinyamata ambiri analibe ntchito, kum'mawa kunkasalidwa, ndipo amene anali ndi ndalama ankakalandira chithandizo ku Tunisia. Za golide, gwero limene ambiri amatchula ndi kalata imene Sidney Blumenthal, mnzake wakale wa Clinton, anamutumizira mu April 2011, yonena zimene iye anamva kwa anthu ake za zolinga za Sarkozy. Ndi mphekesera ya munthu wodziwika, si chikalata cha boma. Amene amakana nkhani ya Viagra chifukwa chosowa umboni ayese ya golideyi ndi muyeso womwewo.

Che Mdala wa ku Mangochi: Inu muziyesa. Ine ndikuona dziko limene linali ndi boma limodzi lero lili ndi awiri, wina ku Tripoli wina kum'mawa kwa mkulu wa asilikali Haftar. Mu 2017 CNN yomweyo inaonetsa anthu a mu Africa akugulitsidwa pa msika ngati akapolo. Mu 2023 madamu awiri a ku Derna anaphulika posowa owakonza, anthu zikwizikwi n'kukokoloka. Kazembe wa Amereka amene ankathandiza oukira anaphedwa ku Benghazi komweko mu 2012. Ndiye mundiuze kuti anthu wamba anatetezedwa?

Amalume a ku Chipata: Ming'alu ya madamu a Derna inadziwika Gaddafi akadali pampando, Che Mdala. Ndipo dziko limagwa chonchi mtsogoleri akafa chifukwa kwa zaka 42 sanalole chipani, nyumba ya malamulo yeniyeni, ngakhale gulu la nkhondo lolimba, poopa kumulanda. Ku Syria sanaponye mabomba pa Assad mu 2011, kodi kunakhala mtendere?

Che Mdala wa ku Mangochi: Syria ndi nkhani ina.

Amalume a ku Chipata: Ndi nkhani yomweyo, kungoti simukuifuna.

Anaphiri ku Joni: Akuluakulu musakangane. Ine ndimaona kuti kuimitsa akasinja pakhomo pa Benghazi pa 19 March ndi chinthu china, kukhala ndege za oukira miyezi isanu ndi iwiri mpaka ku Sirte ndi chinanso. Munthu akhoza kuvomera choyamba n'kukana chachiwiri. Atolankhani ambiri sanaime pa malire amenewo n'kufunsa kuti ndani walola kudumpha. Ngakhale Amr Moussa wa Arab League, bungwe limene linapempha kuti mlengalenga utsekedwe, anadandaula tsiku lachiwiri lomwe kuti izi si zimene anapempha, kenako anamukhazika pansi n'kubweza mawu.

Aphunzitsi Opuma: Kumbukiraninso kuti kuno chaka chimenecho tinali ndi zathu. February yemweyo a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa chotchula m'kalasi za kuukira kwa ku Tunisia ndi Egypt, Chancellor College n'kutsekedwa miyezi. Mafuta kunalibe, tinkagona pamizere. Pa 20 July anthu anafa m'misewu ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Za Libya ambiri ankazimva ngati chenjezo kwa a Bingu, ena ngati chiwembu cha azungu chimene chikubwera kuno. Ochepa ankazimva ngati nkhani ya Alibiya.

Mnyamata wa ku Ndirande: Sarkozy uja ndinamva kuti anamangidwa. Zikukhudzana?

Nabanda ku Leeds: Kwambiri. France ndiyo inayamba kuzindikira oukira ngati boma, pa 10 March 2011. Patapita masiku ochepa Saif al-Islam, mwana wa Gaddafi, ananena pa Euronews kuti Sarkozy abweze ndalama zimene Libya inamupatsa pa kampeni ya 2007. Nthawi imeneyo zinatengedwa ngati kubwebweta kwa munthu womira. Atolankhani a Mediapart ndi amene anaikakamira nkhaniyo zaka zambiri. Mu September 2025 khoti la ku Paris linamupeza wolakwa pa mlandu wopangana chiwembu, poti analola anthu ake kukafuna ndalama ku Libya, ngakhale linamumasula pa milandu ya katangale ndi ya ndalama za kampeni chifukwa silinapeze umboni woti ndalamazo zinafikadi m'kampeniyo. Linamugamula zaka zisanu. Analowa m'ndende ya La Santé mu October, anatuluka mu November kudikira apilo. Iye amakana zonse.

Che Mdala wa ku Mangochi: Masabata atatu okha m'ndende?

Nabanda ku Leeds: Pafupifupi atatu, m'chipinda chayekha, apolisi omulondera ali m'chipinda choyandikana nacho. Ndipo mlanduwo ndi wa ndalama za 2007, Che Mdala, si wa mabomba a 2011.